Khomo Limene Gulugufe Anatseka

Bambo ake a Gulugufe ankasoka zikwama ndi nsapato pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi depoti ya mabasi. Amayi ake ankaimba kwaya, ndipo m'nyumba mwawo munthu sankagwira mbale asanapemphere. Ana anali awiri, onse aakazi, ogona chipinda chimodzi, onse akuthwa m'kalasi. Wamkuluyo bambo ankamutcha Gulugufe poti sankakhazikika. Munthu akabwera kudzakonzetsa zipi ya sutikesi, iye ankathamangira timapepala ta ndege tomata pachogwirira, n'kumupanikiza mwini wake ndi mafunso mpaka bambo kumuthamangitsa.

Sukulu yawo inali ndi mwayi umodzi waukulu. Koleji ina ya kunja inkatenga mwana mmodzi chaka chilichonse kukaphunzira za mankhwala mwaulere, bola amene anapita kale azikhoza ndi kusunga khalidwe. Gulugufe atasankhidwa, ahedi anamuitanira mu ofesi.

"Khomo ili si lako wekha," anatero. "Ukakalakwitsa, akatitsekera tonse. Ndipo amene ndikumuona akubwera pambuyo pako ndi mng'ono wako yemweyu."

Bambo nawo anawonjezera akumanga chikwama chake. "Gulugufe, kumeneko ukupitira buku. Dziko silithawa, udzaliona ukamaliza."

"Ndamva, bambo."

Kumva kwake kuti! Mtima unali utakwera kale ndege.

Miyezi yoyamba anachita bwino ndithu. Kenako anadziwana ndi mtsikana wa chipinda choyandikana, amene onse ankangomutchula kuti Pasipoti. Ameneyo sukulu ankamulipirira makolo ake, ndipo akalephera ankangobwereza, nkhawa analibe.

"Iwe, unawoloka nyanja yonse ija kudzanunkhiza mabotolo a mu labu?" anatero Pasipoti tsiku lina. "Sitima ya Lachisanu ndi yotchipa. Tikaone dziko linalo, Lamlungu tabwerako."

"Lachisanu tili ndi phunziro la mu labu."

"Labu ili ndi miyendo? Uipeza. Ukadzakalamba adzukulu udzawasimbira za mabotolo?"

Anapita. Ndipo kunena zoona kunali kokoma: milatho italiitali, mapiri oyera mbee ndi chisanu, misewu yoti munthu n'kudyerapo. Anayamba ndi kujomba Lachisanu lokha. Kenako Lolemba linatsatira, mapeto ake sabata yathunthu inkatha ali m'sitima. Buku linkagona pansi pa bedi, foni ndiyo inkagwira ntchito yojambula.

Amayi anayamba kukayika. "Mwanawe, lero uli uku, mawa uli uko. Umawerenga nthawi yanji?" anafunsa pafoni.

"Ndi maulendo a sukulu, amayi. Aphunzitsi ndi amene amatitenga."

Bodza linatuluka mosavuta moti mwini wake anadabwa.

"Chabwino. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nayu mng'ono wako, wangotsala pang'ono kundithyola dzanja."

Mng'ono wake anamupatsa moni m'chilankhulo cha komweko, mopotokapotoka, akuseka. "Ndikuphunzira, achemwali! Ahedi andisankha. Chaka chamawa tidzagona chipinda chimodzi ngati kuno!"

Gulugufe analumbira mumtima kuti ulendo wotsatira ndi wotsiriza. Unatsatira wina, ndi winanso.

Mayeso anafika ngati mvula yopanda mitambo. Atatsegula buku anapeza kuti ngakhale mitu yake sakuidziwa. M'malo mopita kwa mphunzitsi kukaulula, analowa m'chipinda cha mayeso atabisa foni m'manja mwa juzi. Sipanapite nthawi, woyang'anira anaima pambali pake n'kutambasula dzanja. Kalasi yonse inatembenuka. Gulugufe analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe.

Akuluakulu a koleji ataona kuti ndi yemwe uja wosaoneka m'kalasi, sanataye nthawi. Anamuuza kuti alongedze. Anathamangira kwa Pasipoti akulira.

"Ine ndinakumanga chingwe?" anatero mnzakeyo akupenta zikhadabo. "Miyendo ndi yako, mwali."

Ndege imene anaikonda moyo wake wonse inamubweza atafunda juzi kumutu. Potsika basi padepoti, amayi ogulitsa zipatso anakuwa, "Eee, adokotala athu afika!" Iye anangowerama n'kuwoloka msewu. Bambo anali pakhonde, nsapato ili pabondo. Anamuyang'ana kamodzi, n'kubweza maso pa singano.

"Bambo, ndalakwa."

"Ahedi anabwera pano," anatero bambo mawu ali pansi. "Koleji ija yati sitenganso mwana wa sukulu yathu. Chaka chino ayi, chamawa ayi. Ine usandipepese. Pita kunyumba, amene wamulakwira ali komweko."

Njira ya kunyumba sinatalikepo chotero. Amayi anamutsegulira chitseko maso ali ofiira, n'kungomulozera kuchipinda.

Mng'ono wake anali atakhala pabedi. Pambali pake panali chikwama chatsopano chimene bambo anamusokera ndi manja awo, ndipo iye ankatulutsamo zovala chimodzichimodzi n'kumazibwezera m'kabati. Sanakalipe. Bola akanakalipa!

Gulugufe anagwada pansi. Anatulutsa m'thumba kachidole kokolekera makiyi kamene anagula mumzinda wina, kuti amupatse. Ataona mmene kanachepera m'dzanja lake, anachita manyazi.

"Sungani, achemwali," anatero mng'onoyo. Anapinda juzi limene anagula pokonzekera chisanu, n'kulisisita. "Ine ndikupempha chimodzi chokha. Poti sindidzakuonako, ndionetseniko chithunzi cha kalasi imene ndikanakhalamo. Ndingoona mpando wake."

Gulugufe anatsegula foni. Anapita m'munsi, m'munsi, m'munsi. Milatho, masitima, mapiri, iye akumwetulira paliponse. Chithunzi cha kalasi panalibe ngakhale chimodzi.

"Palibe," ananong'ona.

Mng'ono wake anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukankhira chikwama chopanda kanthu pansi pa bedi. Apo m'pamene Gulugufe analira kulira kwenikweni, ndipo m'nyumbamo palibe anabwera kudzamutonthoza.

Ana inu, kuona maiko si tchimo, dziko ndi la Mulungu. Tchimo ndi ulesi umene umabala bodza, bodzalo n'kubala kuba mayeso. Mukapatsidwa mwayi, dziwani kuti pambuyo panu pali wina amene akudikira kulowera pomwepo. Gulugufe analapa, ndipo Mulungu amakhululuka, makolo nawo m'kupita kwa nthawi anakhululuka. Koma mng'ono wake, mwana amene sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, sanapite.