Utsi pa Basi ya Luyando

Luyando amakhala ku Chongwe. Amakonda kujambula zithunzi. Amafuna kompyuta yakeyake.

Koma panyumba pali kompyuta imodzi. Amayi amaigwira. Atate amaigwira. Kondani, mlongo wake wamng'ono, nayenso amaigwira.

Tsiku lina Luyando anajambula basi ya atate pa kompyuta. Atate amayendetsa basi ya ku Lusaka. Anajambula mawilo. Anajambula mawindo. Anajambula atate akumwetulira.

"Mawa nizakusindikizila ku msika," anatero amayi. "Ukaonetse aphunzitsi."

Luyando anapita kukatunga madzi. Atabwera anatsegula kompyuta. Basi sinali kuoneka bwino. Panali mizere yakuda. Mizere pa mawilo. Mizere pa mawindo. Mizere pa nkhope ya atate.

Luyando anakwiya. Mtima unamutentha.

"Ni ndani waononga basi yanga?"

Kondani anayang'ana pansi. "Naikako chabe utsi, ba Luyando. Basi imachotsa utsi."

"Si utsi uyu. Waononga."

Luyando anayesa kuchotsa mizere. Mizere sinachoke. Anayesanso. Sinachoke.

Luyando anakwiya kwambiri. Anapeza gemu ya Kondani. Anaifufuta.

Tsopano Kondani anakwiya. Analira. Anakoka kompyuta. Luyando anakokanso. Kondani anakoka. Luyando anakoka.

Amayi analowa. Nawonso anakwiya.

"Mufuna kuiphwanya? Lekani manje manje."

Amayi anatseka kompyuta. Anaiika pamwamba pa kabati. "Palibe ozaigwira."

Luyando anakhala panja pa mwala. Sanafune kusewera. Kondani anakhala kuseri kwa nyumba. Nayenso sanafune kusewera.

Madzulo atate anabwera. Anaona nkhope ya Luyando.

"Wakalipa chani, mwanawanga?"

Luyando anafotokoza za basi. Anafotokoza za utsi. Za gemu anafotokoza motsitsa mawu.

"Kompyuta ni imodzi," anatero atate. "Tizachita bwanji?"

Luyando anaganiza. "Kusukulu kompyuta ni imodzi. Koma kalasi iliyonse ili na dzina lake. Ili na pasiwedi yake. Atate, na ise tichite chimodzimodzi."

Atate anayang'ana amayi. Amayi anatsitsa kompyuta.

Anapanga akaunti ya amayi. Anapanga akaunti ya atate. Anapanga ya Luyando. Anapanga ya Kondani. Aliyense dzina lake. Aliyense malo ake.

"Pasiwedi ili monga kiyi," anatero amayi. "Osauza munthu. Zanu zizaziwika na ine chabe."

Atate anabwezera gemu mu akaunti ya Kondani. Luyando analowa mu yake. Anajambula basi ina. Kondani anaima patali.

"Pepani, ba Luyando," anatero.

Luyando anali akadali wokwiya pang'ono. Anajambula gudumu limodzi. Anajambula lina. Mkwiyo unayamba kutha.

"Naine pepa. Bwela, ukhale apa. Koma osagwila."

Kondani anakhala pafupi. Anaika manja kumbuyo. Basi inatha. Inali yokongola kuposa yoyamba.

Kenako inafika nthawi ya Kondani. Anakweza chifuwa.

"Pasiwedi yanga simuzaiziwa. Ni vitumbuwa."

Atate anaseka. Amayi anaseka. Luyando anaseka mpaka misozi.

"Bwela kuno," anatero amayi. "Sankha ina. Uniuze m'khutu."

Kondani anakwera pamiyendo pa amayi. Ananong'ona pang'onopang'ono. Luyando anatseka makutu ake onse awiri.