Amuna Amene Darsih Ankawajambula

Dzuwa likupendeka, Sumirah anali m'khitchini akutakasa shuga wa kokonati mumphika waukulu, utsi ukumulowa m'maso. Foni anaitsamiritsa pampando kuti anthu a pa intaneti amuone akugwira ntchito, mwina n'kugula. Oonera anali anayi, mmodzi mwa iwo mayi ake.

"Mlamu, chonchi mukalamba musanagulitse kanthu," anatero Darsih, mlongo wa mwamuna wake, yemwe anali atangobwera kumene kuchokera kutauni. "Ndani angaonere mphika? Anthu amafuna zoimitsa tsitsi. Bweretsani foniyo."

Kuyambira tsiku limenelo wojambula anali Darsih. Ankalondola amuna a m'mudzi wa Karangwuni akamakwera mitengo ya kokonati kukatenga timadzi tophikira shuga, opanda chingwe, zigubu zikulendewera m'chiuno. Masabata awiri asanathe, otsatira tsamba la Sumirah anakwana zikwi zisanu. Maoda ankachokera m'mizinda imene iye sanapondeko.

Kenako Tarmo, mmodzi mwa amunawo, anagwa mumtengo n'kufera pomwepo. Munthu wokwera zaka makumi atatu, kunja kuli bata, mvula kulibe. Patapita masiku asanu ndi anayi anagwanso Sukir. Anthu akutali anadzaza tsamba lija ndi mawu opepesa, uku akuitanitsa shuga.

M'mudzi munalowa manong'onong'o. Ena ankati pansi pa mitengo iwiriyo pankanunkha lubani wa pamaliro amunawo asanagwe n'komwe. Kokonati zosakhwima zinkagwera pamalata masanasana, phuu! Anthu akatuluka, sankapeza kanthu. Amuna ankazungulirazungulira mitengo yawo, kupukuta manja, kuyang'ana kumwamba, kupukutanso. Sumirah anapsereza shuga katatu. Akakhala pansi ankadzambatuka, akaima miyendo inkafuna kuyenda.

Lachiwiri, akudya masana, Darsih anaonetsa foni yatsopano imene anagula.

"Yakaleyi muziyankhira maoda, mlamu. Lero ndijambula achimwene. Anthu akufunsa mwamuna wa mwini shuga."

"Undijambule mbali yabwino," anaseka Kasno, mwamuna wa Sumirah, n'kunyamula zigubu zake. Iye ndi Darsih ananyamuka.

Akufufuza chithunzi choti atumizire wogula, Sumirah anapeza m'foni yakale ija kanema amene sanaikidwe patsamba. Munali Tarmo ali pamwamba pa mtengo. Kunkamveka kupuma kwa wojambula, kenako mawu a Darsih, otsika ngati akutonthoza khanda.

"Tarmo, chala choyamba. Tarmo, chachiwiri."

Powerenga chakhumi, Tarmo anataya mtengo. Foni sinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Sumirah anathamanga wopanda nsapato, mthiko uli m'manja, kudutsa m'minda ya chinangwa. Fungo la lubani linamupeza asanafike. Darsih anali chilili pansi pa mtengo, utsi ukufuka m'chigoba cha kokonati pamapazi pake, foni italoza kumwamba.

"Kasno, chachisanu ndi chimodzi."

Mthiko unatera padzanja la Darsih, foni n'kugwera m'ngalande.

"Mfiti iwe! Ndi mlongo wako uyu, bere limodzi!"

Darsih anamuyang'ana osaphethira.

"Munkafuna anthu akuoneni, mlamu. Mumayesa maso a anthu amabwera ulele?"

Sumirah anakuwira mwamuna wake: "Bambo a Yati, kumbatirani mtengo! Kumbatirani!"

Kasno anatsetsereka atakupatira thunthu ndi mikono, chifuwa chikusupuka, mpaka pansi.

"Kunali munthu kumwambako," anatero. "Wozizira. Amandimasula zala chimodzichimodzi."

Amuna a m'minda yoyandikana atafika ndi zikwanje, Darsih anali atazimirira m'chinangwa. Anangomva njinga yamoto ikulira chakumsewu. Anamufunafuna mpaka kutauni, koma kumene ankati amagwira ntchito kunalibe womudziwa.

Zala zisanu ndi chimodzi za Kasno sizinapindikenso, ndipo sanakwerenso mtengo. Sumirah anafufuta tsamba lija. Kanema uja anakawaonetsa akuluakulu a kumzikiti, ndipo iwo anati Sumirahyo alibe mlandu.

Patatha mwezi, mkazi wamasiye wa Tarmo anabwera pakhomo. Mpando anaukana, tiyi anamukana.

"Ndingofunsa chimodzi, mayi a Yati. Sabata imene mwamuna wanga anagwa, maoda anachuluka?"

"Anachuluka."

"Munasangalala?"

Sumirah anaweramitsa mutu. Mayi uja anadikira pang'ono, anagwedeza mutu, n'kutembenuka kumapita.