Madzi Osagona a pa Migowi

Nickson ananyamuka pa Migowi anyamata a chipisi atazimitsa kale moto. Mowa sanalawe, tisamunamizire. Anachedwa ndi kunoletsa zikwanje za ntchito ya mawa: kudula bango lotsala kudambo, kuti ngalande yasimenti yochokera kumsika ipitirire mpaka pafupi ndi chitsime cha kwawo.

Njira yake inkatsata ngalandeyo. Fungo lake, abale! Magazi a kubutchala, oyilo wa njinga zamoto, thovu la otsuka magalimoto. Asanapite ku Joni, Migowi inali ya masitolo owerengeka. Madzi akumsika ankalowa m'bango ali bii n'kutulukira kumunsi ali mbee, ana n'kumagwiramo timatemba. Anaisowa Migowi imeneyo, mpaka mtima kuwawa.

Pakamlatho anamva kuti chubwi... chubwi...

Anaima. Munthu! Ali m'thope lofika m'maondo, akubzala bango.

"Nikisoni, wabwerako?"

Mawuwo anawadziwa. Anali a Sitima, oluka mphasa aja, amene ankamuthamangitsa ali mwana akamathyola bango lopangira zitoliro.

"Madala, usiku uno?"

"Madzi sakugona, mwanawe. Kale ankagona muno, bango n'kuwasambitsa, m'mawa n'kudzuka oyera. Simenti yanuyi ikuwathamangitsa. Adzafika kwanu asanagone."

Anamupatsa tsinde la bango. Zala zawo... zozizira ngati mwala wam'phiri! Achule onse zii. Nickson anaphethira kamodzi. M'thopemo munalibe munthu. Ngakhale popondapo.

Liwiro!

Kunyumba anapeza mayi ake akadali maso, mwana wake Violet ali m'tulo pamphasa.

"Amayi," anatero ali wefuwefu, "a Sitima mutu ukuyenda bwino? Akubzala bango pakamlatho."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa, n'kukhala pansi.

"A Sitima ati? Tinawaika iwe uli ku Joni, chaka chimene anthu anadula bango lakumtunda. Iwo ankangotungabe pomwe ankatunga kale. M'mimba, mwanangu. Sanachedwe."

Nickson anayang'ana m'manja mwake. Tsinde lija linalipo, mizu ikudontha matope.

Violet anatembenuka pamphasa paja. "Adadi, madzi."

Agogo ake anatunga m'ndowa ya kuchitsime. Kapu isanafike pakamwa pa mwanayo, Nickson anawagwira dzanja.