Dzina Limene Venance Anaitana pa Khomo la Khoti

Nkhani iyi inachitikadi, ndipo inayamba masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Amene akukayika apite ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, akafunse a Alois, mlonda wakale wa khotilo, kapena mayi Antonia, kalaliki amene ankalemba zonse zonenedwa mkatimo. A Alois amathira mchere wambiri pa nkhani, zimenezo aliyense amadziwa. Koma mayi Antonia ndi munthu woti ngakhale nthabwala amaifunsa umboni. Awiriwa amanena zofanana.

Venance analowa ntchito pa khoti laling'ono la m'mbali mwa nyanja ali ndi satifiketi ya fomu folo, kalata ya kupolisi yoti sanamangidwepo, ndi mawu. Kunena zoona, mawuwo ndiwo anamulembetsa ntchito. Ankayimba besi mu kwaya, ndipo akaima pakhonde la khoti n'kuitana dzina, amayi ogulitsa usipa kumsika ankatembenuka. Mayi ake anali a ku Likoma, choncho Chichewa anachita kuyamwira, ndipo ukabwera mlandu wa Amalawi womasulira anali iyeyo. Ankasesa, ankafufuza anthu pakhomo kuti asalowe ndi mipeni, ankaimiritsa anthu woweruza akamalowa, ndipo ankaitana mayina. Akaitana munthu ankabwerera mkati n'kunena liwu limodzi la Chiswahili: "Yupo," kutanthauza kuti alipo, kapena "Hayupo," kuti palibe. Anali adakali pa miyezi yoyesedwa, moti ankayenda mosamala ngati mkamwini watsopano.

Mlandu umene unabweretsa zonsezi unali wa msodzi wina, Fexon, Mmalawi amene anakhazikika kumeneko ndi mkazi wake Felesita. Anakangana ndi msodzi mnzake Paschal chifukwa cha ukonde umene unadulidwa, Paschal n'kumumenya ndi nkhafi mpaka kumugulula mano. Fexon anakasuma. Tsiku la mlandu lisanafike, anapita yekha kukawonjola nsomba ndipo sanabwerere. Bwato lake linapezeka chafufumimba cha ku Mbaha. Mtembo sunapezeke. Popeza sabata imeneyo kunkawomba mwera, anthu anangoti ndi mwera.

Kumeneko munthu amene nyanja sinamubweze satchulidwa dzina mokweza mpaka abale ake ataika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake. Amati akadali m'njira, sakudziwa kolowera, ndipo akamva dzina lake amatsata mawuwo. Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amazidziwa zimenezi. Felesita anali asanaike nthochi, chifukwa ankadikira abale a mwamuna wake kuti awoloke kuchokera ku Nkhata Bay.

Tsiku la mlandu, Felesita anamugwira Venance malaya pakhonde.

"Achimwene, chonde musawaitane. Sitinaike nthochi."

"Achemwali, ine ndi wantchito chabe. Koma ndiyesa kuwauza."

Anayesadi. Woweruza, amene kumeneko amati hakimu, ndipo polankhula naye mwaulemu amati Mheshimiwa, anali mayi wochokera kutali kumtunda, wakhama ndi wachilungamo, koma wosadziwa nyanja. Anamvetsera mpaka Venance anamaliza, kenako anafunsa ngati pali pepala losonyeza kuti munthuyo anamwalira. Panalibe.

"Ndiye kuti kwa khoti lino wodandaula ali moyo. Muitane."

Venance anatuluka. Anatchula dzinalo chapansipansi, ngati akulankhula ndi nsapato zake.

"Sindinamve!" anatero hakimu mkatimo.

Apa Venance anaganiza za miyezi yake yoyesedwa, ndi za mkazi wake Naomi amene anali atauza kale mudzi wonse kuti mwamuna wake ndi wa boma. Anakoka mpweya. Anaitana ndi mawu ake onse, dzinalo n'kugunda msika, n'kutsika mpaka kudoko. Felesita anatseka makutu n'kuthawa.

Masamba a mtengo wa mango pabwalo anasiya kugwedezeka. Nkhuku zimene zinkapalasa pansi pake zinangoti zii. Kenako kunabwera fungo la matope a pansi pa nyanja, losakanikirana ndi palafini wa nyali za asodzi. Mkono wakumanzere wa Venance unazizira ngati wina wamudutsa pafupi.

Anayang'ana pansi. Pa simenti yotentha panali phazi lonyowa, lopanda nsapato. Linali likuuma. Kutsogolo kwake kunaoneka lina. Kenako lina, mkati mwa khomo.

Benchi ya kumbuyo, imene panalibe munthu, inalira.

"Tikudikira," anatero hakimu.

Venance anabwerera mkati. "Hayupo, Mheshimiwa."

Benchi ija inaliranso. Hakimu anaimitsa mlandu mpaka mwezi wotsatira, ndipo Paschal, amene anali pa belo, anatuluka akutafuna nzimbe.

M'mawa mwake Venance anapeza a Alois, amene ankawatcha mzee, kutanthauza mkulu, atakhala kunja kwa mpanda, pamene nthawi zonse ankawapeza akuwodzera pakhonde.

"Mwanawe, dzulo unatsekera ndani mkatimu?"

"Palibe, mzee. Ndinayang'ana paliponse."

"Nanga amatsokomolayo ndani? Chifuwa cha madzi. Ndaunika ndi tochi pawindo, osaona kanthu. Ndikazimitsa, ayambiranso."

Atatsegula, anapeza benchi ya kumbuyo ili chinyezi mbali imodzi, malo a munthu mmodzi, ndipo pansi pake panali timchenga. Venance anapukuta. Pofika masana panali patanyowanso.

Kuyambira pamenepo mtima wake sunakhalenso m'malo. Akafuula kuti anthu aimirire hakimu akulowa, anthu onse ankaimirira, kenako mochedwerako pang'ono benchi ya kumbuyo inkalira ngati wina wadzuka. Akakhala pansi, inkaliranso. Anthu anasiya kukhalapo popanda wowauza. Ngakhale khoti litadzaza, ankalolera kuima chotsamira khoma. Venance anayamba kusokoneza mayina, kuiwala kufufuza zikwama pakhomo, ndipo tsiku lina anamasulira mboni mu Chichewa chomwecho chimene mboniyo inkalankhula. Hakimu anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa kukalipiridwa.

Kenako zinafika kunyumba. Naomi anadzuka m'mamawa kuti asese, n'kupeza pakhomo penipeni pali chithaphwi, kunja konse kuli fumbi. Anaganiza kuti ndi galu. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lotsatira anawerama n'kununkhiza, ndipo anabwerera m'nyumba tsache lili m'manja.

"Bambo a Agape, mwabwera ndi chiyani kuchokera kuntchito?"

Venance anafotokoza zonse. Naomi sanalire, sanakalipe. Anangoyamba kupinda zovala za mwana.

"Dzulo Agape anandifunsa kuti bambo aima panjawo bwanji sitikuwapatsa mpando. Ine ndikupita naye kwa amayi ku Lituhi. Mukathana nazo mudzatitenge."

Anapitadi tsiku lomwelo. Venance anatsala yekha, ndipo anali ndi mantha amene sanakhalepo nawo chibadwire. Chinthucho sichinkagogoda. Sichinkalowa. Chinkangoima kuseri kwa chitseko, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina chinkatsokomola mwaulemu, monga amachitira munthu amene akudikira kuti umuone. Anayesa kugona kwa mnzake wa mu kwaya. Kutacha, mnzakeyo anapeza chithaphwi pakhomo pake ndipo anamupempha kuti asabwerenso.

Abale a Fexon anafika, nthochi inaikidwa, nyimbo zinayimbidwa. Venance anapita kumaliroko ndi chiyembekezo chachikulu. Pobwerera anapeza pakhomo pake patanyowa kuposa kale.

"Nthochi ndi ya munthu wosochera," anatero a Alois. "Uyu sakusochera. Unamuitana, anabwera. Ndiye iwe unawauza chiyani a hakimu?"

A Alois anadziyankha okha.

"Unati palibe. Munthu wachoka pansi pa nyanja kudzayankha dzina lake, iwe n'kumukana pamaso pa khoti, iye akumva. Ukufuna atsate ndani?"

"Ndiye nditani, mzee?"

"Ine ntchito yanga ndi kulondera chipata. Koma zaka zonsezi sindinaonepo mboni ikutuluka m'khoti hakimu asanaimasule."

Tsiku la mlandu linafikanso. Venance anali ataonda, maso atalowa mkati. Akukonza mipando, mayi Antonia anamuyandikira n'kumunong'oneza kuti wodandaula akapanda kuoneka lero, mlandu uthetsedwa ndipo fayilo itsekedwa. Ankaganiza kuti akumuuza nkhani yabwino. Koma kwa Venance sinali yabwino. Fayilo ikatsekedwa, dzina la Fexon silidzaitanidwanso m'khotimo, ndipo sipadzakhalanso tsiku lokonzera bodza lija. Chithaphwi chidzakhala pakhomo pake mpaka kalekale, ndipo Naomi ndi mwana sadzabwerera. Koma akanena zoona, ndani angasunge wantchito woona anthu amene kulibe?

Khoti linadzaza, chifukwa mphekesera zinali zitafika mpaka ku Ndumbi. Felesita anakhala kutsogolo atavala zakuda. Paschal anaima m'bokosi la oimbidwa mlandu akumwetulira anzake.

"Itana wodandaula."

Venance anapita pakhomo. Sanafunikire kufuula, koma anafuula, monga mwa ntchito yake. Yankho silinachokere kunja. Kumbuyo kwake benchi inalira.

Anatembenuka. Fungo la matope linadzaza chipinda. Mayi wina anatseka mphuno ndi chitenje.

"Tiuze," anatero hakimu, cholembera chili kale pa pepala.

Venance anayang'ana benchi ija.

"Yupo, Mheshimiwa."

Munthu wina anaseka, n'kusiya msanga. Hakimu anavula magalasi.

"Wati chiyani?"

"Alipo. Tsiku lijanso analipo. Ndinanama."

"Waledzera?"

"Ayi, Mheshimiwa."

"Khoti si malo a masewera. Siya makiyi patebulo la kalaliki. Ntchito yako yathera pano."

Venance anatulutsa makiyi n'kuwaika patsogolo pa mayi Antonia. Kulira kwa makiyiwo kutatha, kunamveka phokoso lina.

Tho. Tho. Tho.

Kachitseko ka bokosi la mboni kanatseguka kokha. Kanatsekeka. M'mphepete mwa bokosilo munayamba kutsika madzi. Anayenderera pa simenti mpaka pansi pa tebulo la hakimu. Denga linali louma. Kunja dzuwa linali phwee.

Palibe anatsokomola. Palibe anasuntha phazi.

Paschal anali atasiya kumwetulira. Sankayang'ana madziwo monga anthu ena onse. Ankayang'ana m'mwamba pang'ono, pamene pamakhala nkhope ya munthu woimirira. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda thabwa.

"Iwe ayi," anatero ndi mawu aang'ono. "Iwe unamira ine ndikuona. Ndinadikira mpaka thovu linatha."

Felesita anakuwa kamodzi n'kugwa m'manja mwa amayi anzake. Mayi Antonia amati dzanja lawo linalemba mawu amenewo lokha, mutu usanawamve. Wapolisi amene anali pambali anasendera kwa Paschal n'kumugwira mkono, ndipo Paschal sanalimbe.

Hakimu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana madzi amene anali atafika pa nsapato zake. Kenako anavalanso magalasi. Anatembenukira ku bokosi lopanda munthulo, ndipo mawu ake anatuluka osalala bwino.

"Wodandaula, khoti lakuona. Ukhoza kupita."

Kachitseko kanatsegukanso.

Venance analibenso ntchito, ndipo makiyi aja sanamubwezere mpaka lero, chifukwa hakimu sakanalemba m'lipoti chimene anaona. Komabe miyendo yake inamutengera pakhomo. Anatsegula chitseko chonse n'kuima pambali, monga ankachitira ndi mboni iliyonse. Kuzizira kuja kunamudutsa pa mkono. Pamene kunadutsa, anamva mapewa ake akupepuka, ndipo anadziwa kuti mawa akwera galimoto ya ku Lituhi. Misozi inangotsika yokha.

Wapolisi anatuluka ndi Paschal, n'kukhotera kumanzere, njira ya kupolisi. Nyanja ili kumanja, pafupi, moti mafunde amamveka pakhonde pomwepo. Venance ndi a Alois anaima n'kumayang'ana mapazi onyowa akutsika masitepe, limodzilimodzi, mpaka pa fumbi la pabwalo. Pamenepo anaima kanthawi.

Kenako anakhotera kumanzere.