Ndalama za M'khoma la Apisalome

Dzuwa litapendeka, Sakiusa ankasinja mizu ya kava, yopangira chakumwa chamwambo, mumtondo wachitsulo kuseri kwa nyumba yake, ndipo ankasinja ngati mtondowo wamulakwira. Lole yodzaza njerwa inali itangodutsa kumene, ulendo wa ku tauni ya Nausori, komwe mng'ono wake Apisalome ankamanga zipinda zinayi za lendi.

Apisalome yemweyu, amene ankakodza pamphasa mpaka atayamba sukulu! A banki anamukana poti analibe chikole, koma mnyamatayo sanagwe mphwayi. Anayenda khomo ndi khomo m'mudzimo, kamtolo ka kava kopemphera kali m'manja monga mwa mwambo, n'kumakhala pansi mwaulemu, n'kumalonjeza kuti aliyense woikapo kangachepe azidzadya nawo lendi mwezi ndi mwezi. Anthu anamasula zikwama. Atsibweni awo a Viliame, omwe chaka chathachi anamana Sakiusa ndalama yogulira injini ya boti, anapereka penshoni yawo yonse uku akumwetulira. Nsanje inamuwotcha Sakiusa mpaka nsomba yophikira kokonati inayamba kumuwawa mkamwa.

"Mwadya pang'onotu, bambo a Unaisi," anatero mkazi wake Litiana.

"Ndakhuta. Zotsalazo kapatseni bwana wanu wa ku Nausoriyo."

"Ndi mng'ono wanu ameneyo, si mkazi mnzanu ayi."

Oyamba kugwidwa anali a Viliame. Anadzuka m'mawa miyendo ili gwa, yosapindika, ndipo m'chipinda mwawo munkanunkha simenti yonyowa. Kuchipatala anawapima n'kungopukusa mitu. Kuumako kunakwera m'chiuno, kenako pachifuwa, ndipo sabata isanathe ng'oma ya kutchalitchi inalengeza maliro. Otsatira anali mayi Mereseini, ogulitsa nkhanu kumsika, omwe anaikapo ndalama zomwe ankasungira ukwati wa mwana wawo. Fungo linali lomwelo. Amayi osambitsa mtembo anatuluka akunjenjemera, akuti madzi ankauma pathupipo asanapukute.

Kukamada, agalu ankauwa atayang'ana kumtunda, kumabwinja a makolo akale kumene anthu sadulako ngakhale nkhuni. Kumeneko kunkamveka munthu akuwomba m'manja, pang'onopang'ono, monga amachitira wolandira chikho cha kava. Pamaliro anthu anayamba kunong'onezana.

"Mwamva kuwombako, mlamu?"

"Tsitsani mawu, ana akumva."

"Akufatu ndi okhawo amene anam'bwereka mnyamata uja."

"Nanga mwini ngongole akafa, wopindula amakhala ndani?"

Funso lomalizali ankaliponya ndi Sakiusa, chapansipansi, pamaliro pomwepo, ndipo linagwera m'makutu ambiri. Anthu anayamba kumulambalala Apisalome panjira. Amisiri anathawa n'kusiya khoma lili m'mawindo. Ena anakamuzungulira kuti awabwezere zawo, chonsecho zawozo zinali zitasanduka njerwa kalekale. Apisalome anaonda n'kutsala maso okha, pomwe Sakiusa anayamba kupempha mbale yachiwiri.

Woomba m'manja kumabwinja uja anali Sakiusa yemweyo. Kava samwa munthu ali yekha, ndipo amene wamwa yekha ndiye kuti ali ndi mlendo wosaoneka. Iye ankakwera kumtundako ndi kambale kake, n'kuthira chikho choyamba pansi, n'kunong'oneza kuti: "Aliyense amene ndalama yake ili m'khoma limenelo, aume monga liumira khomalo." Dzina la mng'ono wake sankalitchula, poti ukatchula magazi ako zimakubwerera. Apa ndiye ankadziona wochenjera kwabasi.

Masana ena, ali pakhonde kunola chikwanje, Litiana anatsika basi ya ku tauni nkhope ili ngwee.

"Bambo a Unaisi, ndili ndi mawu, koma musandikalipire."

"Nenani."

"Alamu anga aja akundimvetsa chisoni. Dzana ndinawapeza atakhala pamulu wa mchenga okhaokha, akulira. Aliyense wawathawa."

"Zawo zimenezo. Anaziyamba dala."

"Komatu kuchitsime akunena kuti inu mwayamba kunenepa ndi mavuto a m'bale wanu. Ine manyazi anandigwira. Ndiye ndinatenga ndalama yanu ija munkasunga yogulira ng'ombe n'kukawapatsa. Ndinawauza kuti yachokera kwa achimwene awo. Analira, bambo! Akuti, 'Mkulu wanga sananditaye.'"

Chikwanje chinapulumuka m'manja mwa Sakiusa n'kugwera pansi.

"Ndalama yanga? Yanga ine?"

"Yanu inu, sindinasakanizepo yanga ngakhale pang'ono. Ulemu wonse ukhale wanu."

"Pita ukaitenge! Thamanga, Litiana, basi ija isanabwerere!"

"Ndikaitenge kuti? Anagulira simenti tsiku lomwelo, n'kumangira okha ndi manja awo. Ndadzera komweko pobwera. Yauma bwino bwanji!"