Mathithi a Pansalu

Bambo ake a Kanyerere ankajambula zithunzi. Pakamwa pawo sipankachoka mawu amodzi.

"Musagwedezeke!"

Munthu akakhala pampando, iwo ankati, "Musagwedezeke!" Khanda likalira, iwo ankati, "Musagwedezeke!" Tsiku lina anauza ngakhale mphaka. Anthu a mumsewu wonse ankangowaitana kuti a Musagwedezeke.

Eni akewo sankagwedezekadi. M'mawa ankalowa musitudiyo. Madzulo ankabwerera kunyumba. Nyumbayo inali kuseri kwa situdiyo. Ulendo wawo wonse unali umenewo.

Koma mwana wawo wamkazi sankakhazikika. Ankalowa, ankatuluka. Ankakwera mpando, ankatsika. N'chifukwa chake ankamutcha Kanyerere.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona mathithi.

Mathithiwo anali musitudiyo momwemo. Anali pansalu.

Kukhoma kunali nsalu zazikulu zopachika papaipi. Anthu ankaima kutsogolo kwa nsaluzo pojambulitsa. Nsalu ina inali ndi phiri lovala mitambo. Ina inali ndi njovu zikumwa madzi. Ina inali ndi mathithi.

Madzi ake anali oyera mbee. Ankagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe. Pansi pake panali kamlatho kofiira. Pambali pake panali mtengo wopindika ngati mbedza.

Nsaluzo Bambo anazipeza momwemo. Anazisiya ndi mwini situdiyo wakale.

Pakona panali sutikesi yobiriwira. Inali yojambulitsira chabe. Inali yopepuka ngati tsamba. Sinapiteko kulikonse.

"Gwirani sutikesi," Bambo ankauza anthu. "Imani apo. Musagwedezeke!"

Kamera ng'ani!

"Zikomo. Lero mwapita kunja!"

Anthu ankaseka. Bambo ankasekanso.

Kanyerere sankaseka. Iye ankafunsa.

"Bambo, mathithi awa ali kuti?"

"Kunja, mwana wanga."

"Kunja kuti?"

"Kunja kwenikweni. Kumafunika ndege. Kumafunika pasipoti."

"Nanga phirili?"

"Kunja."

"Nanga njovuzi?"

"Kunja. Zinthu zokongola chonchi sizikhala pafupi."

Sukulu inatsekera. Anzake a Kanyerere anapita kocheza kwa abale awo. Msewu unangoti zii. Kanyerere anatsala.

M'mawa uliwonse ankaima patsogolo pa mathithi. Ankaika khutu pansalu. Ankafuna kumva mkokomo wa madzi. Koma ankangomva makina osokera. Amayi ake anali telala. Ankasoka kuseri kwa khomalo.

Tsiku lina chitseko chinatseguka mwamphamvu. Kunalowa mayi wamtali. Kumutu anavala kapu. M'manja munali makiyi.

"Odi, a Musagwedezeke!" anatero. "Ine ndine dalaivala wa basi. Ndikufuna kachithunzi ka palaisensi. Fulumirani, achimwene. Makanika akundidikira."

"Khalani apa, mayi," anatero Bambo.

Chithunzi cha palaisensi chimafuna nsalu yoyera. Nsalu yoyera inali kumbuyo kwa zonse. Bambo anakankha phiri. Anakankha njovu. Anakoka mathithi.

Mathithi anakana. Mphete yopachikira nsaluyo inakodwa papaipi.

Bambo anakokanso. Anakoka mwamphamvu.

Kweee!

Nsalu inang'ambika. Inang'ambika kuyambira kumwamba mpaka pansi. Theka linatsala m'mwamba. Theka linagwa pansi. Fumbi linangoti kobo.

"Mayo!" anakuwa Kanyerere. "Mathithi anga!"

Bambo anangoti kakasi. Kachidutswa ka nsalu kanali m'manja mwawo.

"Atha," anatero. "Mathithi atha. Ena sitingawapeze. Awa ndi a kunja."

A Dalaivala anaweramira nsalu ya pansi ija. Anaitambasula ndi nsapato. Anakankhira kapu kumbuyo.

"Kunja kuti?" anafunsa.

"Kunja kwenikweni," anayankha Kanyerere. "Kumafunika ndege."

A Dalaivala anaseka. Anaseka mpaka makiyi anagwa.

"Ndege? Iwe mwana, basi yanga imathera pamenepa!"

Kanyerere maso tong'o.

"Basi yanu imapita kunja?"

"Kunja kwanji? M'dziko mwathu mom'muno! Ukanyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe wafika."

Kanyerere anayang'ana Bambo. Bambo anapukusa mutu.

"Ayi, mayi," anatero. "Mathithi amafanana."

"Nanga mitengo imafanana? Nanga milatho?"

A Dalaivala anatulutsa foni. Anafufuza ndi chala. Anampatsa Kanyerere.

"Iwe uli ndi maso akuthwa. Taona wekha."

Kanyerere anagwada pansi. Anaika foni pambali pa nsalu. Anayang'ana foni. Anayang'ana nsalu.

Madzi oyera mbee, awo.

Mtengo wopindika ngati mbedza, uwo.

Kamlatho kofiira, ako.

Ndipo pakamlathopo panaima a Dalaivala. Anavala kapu yomweyo. Ankadya nthochi.

"Bambo!" anakuwa Kanyerere. "Akudya nthochi pa mathithi athu!"

Bambo anatenga foni ija. Anaiyandikitsa kumaso. Anaitalikitsa. Kenako anakhala pansi, khu! Anakhala pampando wa makasitomala. Kanyerere anali asanawaonepo atakhala pamenepo.

Kanyerere anathamangira kukhoma. Anakoka nsalu ya njovu.

"Nanga izi, azakhali? Izi ndiye za kunja, eti?"

"Izo?" anatero a Dalaivala. "Zimanditsekera msewu izo. Ndimazimitsa injini, n'kudikira. Njovu sitiziimbira hutala."

"Njovu zenizeni?"

"Zenizeni, ndi ana awo omwe."

"M'dziko mwathu?"

"M'dziko mwathu mom'muno."

Kanyerere kukamwa yasa. Bambo kukamwa yasa.

Makina osokera anasiya kulira. Amayi analowa. Tepi yoyezera inali m'khosi. Ulusi unali pamlomo.

"Phokoso lanji?" anafunsa. "Kwafa munthu?"

"Amayi, mathithi ang'ambika!" anatero Kanyerere. "Ndipo si a kunja! Njovunso si za kunja! Latsala phiri lokha."

Amayi anachotsa ulusi pamlomo.

"Phirilo ndiye ndinalikwera ine," anatero. "Tinapita ndi aphunzitsi, ndili pasukulu. Pamwamba pake pamazizira mpaka mano kugundana."

Bambo anatembenukira kwa Amayi.

"Mayi ake!" anatero Bambo. "Inu mumadziwa?"

"Kodi inu simumadziwa?"

"Zaka zonsezi ndikuuza anthu kuti apita kunja!"

"Ine ndinkayesa ndi nthabwala zanu," anatero Amayi. "Anthu ankaseka. Inu munkaseka. Inenso ndinkaseka kuseri kwa khoma."

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Kanyerere.

"Unandifunsa? Iwe umangofunsa bambo ako."

Tsopano Amayi nawonso anadabwa. Anayang'ana Bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anagwira pakamwa.

"Si zokhazo," anatero a Dalaivala. "Kuli akasupe a madzi otentha. Ukaikamo dzira, limapsa."

"Popanda moto?" anafunsa Kanyerere.

"Popanda moto."

"Aa!" anatero Bambo.

"Kuli mapanga. M'makoma mwake muli zithunzi za anthu akalekale."

"Popanda kamera?" anafunsa Bambo.

"Popanda kamera, achimwene."

"Aa!" anatero Kanyerere.

Mtima wake unagunda ngati injini. Anagwira Bambo malaya.

"Bambo, tiyeni! Sikufunika ndege. Sikufunika pasipoti. Tiyeni tikaone mathithi!"

Bambo anaimirira. Anadzisasa fumbi.

"Ayi," anatero. "Situdiyo siitsekedwa. Amayi ako asoka nsaluyi. Zonse zikhala ngati kale."

Amayi anatola nsalu ija. Anasolola singano pamalaya awo. Anailowetsa. Nsalu inang'ambikanso, kwe! Analowetsa pena. Kwe!

"Yavunda iyi," anatero Amayi. "Siisokeka."

Anaiponya pansi.

Kanyerere anayang'ana kukhoma. Mathithi a pansalu anali atatha. Mathithi enieni Bambo ankawakana. Ndiye kuti iye atsala wopanda mathithi.

Misozi inabwera. Kanyerere anaibweza. Analowa pansi pa tebulo. Anatuluka. Anazungulira mpando. Kanyerere akamaganiza, ankaganiza ndi miyendo.

Kenako anaima patsogolo pa kamera.

"Bambo, mathithi aja anafika bwanji pansalu?"

"Munthu anawajambula."

"Anawajambula ndi chiyani?"

"Ndi kamera."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Analoza kamera ya Bambo.

Bambo anayang'ana kamera. Anayang'ana khoma. Anakanda kumutu.

"Osindikiza a pakona aja," anatero pang'onopang'ono, "amatha kuika chithunzi pansalu."

"Ndiye nsalu yatsopano ili kumathithi," anatero Kanyerere. "Ikungodikira inu."

"Mwana uyu!" anatero a Dalaivala. "Akadzakula adzandilanda basi. Koma achimwene, chithunzi changa chili kuti?"

Anakhala pampando. Anavula kapu. Bambo anaweramira kamera.

"Musagwedezeke!"

"Akugwedezeka ndinu," anatero a Dalaivala.

Zinali zoona. Manja a Bambo ankanjenjemera. Chithunzi choyamba chinadula mutu. Chachiwiri chinadula khutu. Chachitatu chinakhala bwino.

A Dalaivala anatola makiyi awo. Anaima pakhomo.

"Ndinyamuka mawa m'mawa," anatero. "Mipando ya kutsogolo ndikusungireni?"

Kanyerere anayang'ana Bambo. Amayi anayang'ana Bambo. Bambo anayang'ana pansi.

"Ine basi ya kutali sindinaikwerepo," anatero motsitsa mawu. "Kodi imagwedezeka?"

"Kwambiri!" anatero a Dalaivala.

Bambo anagwira tebulo.

Kanyerere anawagwira dzanja. Anagwira zolimba.

"Ndidzakugwirani chonchi," anatero. "Mpaka tikafike."

Bambo anayang'ana pakona. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakona. Anatenga sutikesi yobiriwira. Anaiika patebulo.

Loko wake anali ndi dzimbiri. Bambo anakankha. Loko anakana. Amayi anadontheza mafuta a makina. Khethe!

Sutikesi inatseguka. Munatuluka kangaude. Anaima. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anathawa.

"Nayenso wadabwa," anatero Amayi.

"Mayi," anatero Bambo kwa a Dalaivala, "mutisungire mipando itatu."

Kanyerere analumpha. Analumphanso. Anagunda tebulo. Palibe anamuletsa.

Madzulo analongedza. Amayi anaika malaya. Anaika sopo ndi thaulo. Anaikanso majuzi.

"Majuzi a chiyani?" anafunsa Bambo.

"Basi yomweyo imadutsa kuphiri," anatero Amayi. "Mukaona nokha kuti sindinama."

Bambo anaika batire la kamera. Analitulutsa. Analiikanso.

Kanyerere anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi dzira.

"La kuakasupe," anatero.

"Lisweka ilo," anatero Amayi. "Mazira tikagula konko."

Kanyerere anabweza dzira. M'malo mwake anatenga kachidutswa ka nsalu ya mathithi ija. Kanali ndi kamlatho kofiira. Anakapinda bwinobwino.

"Ndikafananize," anatero.

Sutikesi inadzaza. Inakana kutsekeka. Bambo anakanikiza. Inakana. Amayi anakanikiza. Inakana.

"Kanyerere, khala pamwamba," anatero Bambo.

Kanyerere anakhala pamwamba.

"Usagwedezeke!"

Kanyerere sanagwedezeke. Ngakhale chala. Amayi anagwira pakamwa. Zimenezi anali asanazionepo.

Khethe!

Bambo ananyamula sutikesi. Phewa linapendekeka.

"Ii!" anatero. "Kodi imalemera chonchi?"

Anaiika pafupi ndi chitseko. Kamera anaiika pamwamba pake.