Mtanda wa Froilán

Nkhani iyi ndinaimva koyamba chaka chimene ndinkayendayenda m'migodi ing'onoing'ono ya kumtunda kwa tauni ya Taltal, mawondo anga asanayambe kudandaula. Anandiuza mwini wake, mayi Ermelinda, amene ankaphikira okumba miyala, tikumwa tiyi dzuwa litangolowa.

Pamsasapo mkuwa ankaupeza monga tonse tinkaupezera masiku amenewo. Miyala yobiriwira ankaiviika m'thanki ya asidi mpaka madzi atasanduka abuluu, aja timati sulfato, kenako n'kuponyamo zitsulo zakutha. Madziwo amadya chitsulo n'kusiya mkuwa wofiira wonga matope. Popanda chitsulo palibe mkuwa. Ndiye chaka china lole yobweretsa zitsulo inasiya kubwera.

Choyamba kusowa chinali mphika wa mayi Zoila, oyandikana nyumba ndi Ermelinda, ndipo anthu anangoseka. Kenako kunasowa tcheni cha galu wa akapitawo, galuyo osauwa n'komwe. Kuseka kunatha mitanda itayamba kusowa kumanda.

Manda a m'chipululu muja ndi milu ya mchenga yofanana yonse, chosiyanitsa ndi mtanda wachitsulo wolembedwa dzina basi. Froilán, mwamuna wa Ermelinda, anagona komweko, ndipo tsiku lokaikira akufa nkhata za maluwa a mapepala linali pafupi.

Usiku nkhungu yochokera kunyanja ikakuta msasa, moti nyali imangooneka ngati diso lodwala, kunkamveka chinthu chikukhwekhwerezeka pamiyala, n'kuima ngati chikupuma, n'kuyambanso, kutsetserekera kumunsi.

"Mwamva, achemwali?" Zoila ananong'ona pampata wa malata. "Akuti akufa atopa ndi ludzu, akutsikira kunyanja atasenza mitanda yawo."

"Froilán asenze mtanda? Munthu amene sankanyamula ngakhale mbale yake yodyera?" anayankha Ermelinda. Koma sanagone.

M'mawa uliwonse ankapeza mzere wina wa manda uli mbee, ndipo kusowako kunkayandikira kwa mwamuna wake. Anapita kwa Nibaldo, mng'ono wa malemuyo.

"Alamu, kagoneniko kumanda, muwalondere achimwene anu."

"Ine? Mukufuna chaka chino muluke nkhata ziwiri?" anatero Nibaldo, maso ali kumbali.

Kutacha, mbali yonse ija inalibe mtanda ndi umodzi womwe, ndipo mphepo inali itafufuta mapazi onse. Ermelinda anayenda mulu ndi mulu, akuitana dzina chapansipansi. Sanathe kudziwa kuti wake ndi uti.

Masana a tsiku lomwelo anapititsa chakudya kuthanki ya Nibaldo, koma mwini wake anamupeza palibe. Madzi aja anali atasuluka, buluu yense atatha, pansi pakuoneka bwinobwino. Mitanda inali itagona pamenepo mosanjikizana, yofiira psuu ngati nyama yosendedwa kumene.

Mbale inagwa. Analowa m'thankimo ndi nsapato zomwe, natola mtanda umodzi. Kufiira konse kunayoyokera m'manja mwake, n'kutsala kachitsulo kopyapyala ngati tsamba. Dzina panalibe. Anatola wina, kenako wina. Onse chimodzimodzi.

Nibaldo atafika anangogwada pamiyala.

"Alamu, ana anga ku Taltal akugona ndi njala. Ndinati akufa sawerenga mayina."

"Nanga ine ndafa? Galu iwe, mwana wa mayi ako wamusungunula!"

"Ayi, alamu, imvani! Pa manda a achimwene ndinaikapo mwala woyera kuti tisadzasokere. Pa iwo okha. Ndikulumbira pa Mulungu."

Awiriwo anathamangira kumanda, Zoila akuwatsatira wefuwefu. Atafika pachipata onse anaima chilili. Mulu uliwonse unali ndi mwala woyera, woikidwa bwino chakumutu, ngakhale manda akalekale amene analibe mtanda chiyambire. M'mawa muja Ermelinda anayenda momwemo ndipo miyalayo sanaione. Pamchenga panali mapazi ake okha.

Nibaldo anangokhala pansi pamchengapo. Sabata isanathe anachoka pamsasapo osatsanzika munthu.

"Nanga anaika miyalayo ndani, mayi?" ndinafunsa ine.

"Ndafunsa msasa wonse, bambo. Zoila amati akufa onse aja ankafuna maluwa anga." Anapukuta manja pa epuloni. "Chaka chilichonse ndimaluka nkhata imodzi. Ndimaima nayo pachipata paja mpaka dzuwa kulowa, kuti mwina Froilán andipatsa chizindikiro. Kenako ndimabwera nayo."

Maso ake anali kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinaona khoma lonse lili ndi nkhata, zina zofiira, zina zotuwa ndi fumbi, kuyambira kudenga mpaka pansi.

"Khalani kaye, msuzi wapsa," anatero.

Koma ine ndinali nditaimirira kale, chipewa chili m'manja.